Epuloni ya Bambo

Bambo anamwalira Lachiwiri. Ali m'chipatala anandipempha chinthu chimodzi, kuti epuloni yawo idzalowe nawo m'bokosi. M'bungwe lawo la amuna otchulana abale, munthu amalandira epuloni yoyera ya chikopa cha nkhosa tsiku limene walowa, kenako amaisunga kudikira maliro ake. Koleji ndinaisiyira panjira, ntchito imene anandipezera ndinaikana. Ichi chokha sindinafune kuwakhumudwitsa nacho.

Holo ya bungwelo masiku ano ndi ya zoimbaimba. Abale anatha, denga linkadontha, otsalawo anangoibwereketsa. Nditafika masana ndinapeza anyamata akuyesa zokuzira mawu, gitala atamutsamiritsa pampando waukulu wa mtsogoleri, pamene bambo ankakhala.

Renata, woyang'anira holoyo, anandikweza kuchipinda chimene ndinkadziwa kuti muli makabati a abale, momwe bambo ankasunga epuloni yawo. Munali magalasi odziyang'anirapo okhaokha ndi zitini za mowa. Anati makabatiwo anawachotsa chaka chatha kuti oimba azivaliramo, ndipo analengeza kuti eni ake adzatenge zawo. Zotsala zinapita kumtaya. Nthawi imeneyo bambo anali atayamba kale kuiwala ngakhale dzina langa.

Potsika ndinakumana ndi a Brandvold, anzawo a bambo, akupuma pamasitepe. Amabwerabe tsiku lililonse, ngakhale palibe amene amawaitana.

"Iwe Dell, nawenso wayamba zoimba? Tsitsi lokhalo wakwanitsa."

Ndinawauza zimene zinachitika. Sanatukwane munthu. Anandituma kugalimoto yawo, kuti pansi pa mpando pali kabokosi. Munali epuloni yomwe inali itayamba chikasu m'mbali, kuseri kwake kutalembedwa Lyle Brandvold.

"Iyi ndi yanu, bambo."

"Orville, bambo akowo, popanda magalasi sankawerenga. Sadzadziwa."

"Nanga tsiku lanu?"

Anayang'ana khoma limene kale panali zithunzi za atsogoleri. Anati odziwa mawu amene bungwelo limanena pamanda anatsala awiri okha, iwo ndi bambo.

"Mawa ndikamunenera ine. Ineyo adzandinenera ndani? Tenga, mwanawe, ingakhalitse pachabe."

M'holo muja ng'oma zinayamba, mawindo akale n'kumanjenjemera. A Brandvold anayesa kunena kanthu kena koma sindinamve. Anagwira mkono wanga, tinatsika pang'onopang'ono, epuloni ndili nayo m'khwapa.