Mtsinje Wodzaza mu Okutobala

Ku yunivesite ndinaphunzila mabuku akale, aja a anthu ofuna chinthu chimodzi moyo wao wonse osachipeza. Pa mayeso ankatifunsa kuti anawatsekela njila ndani. Ndinkayankha msanga, ndipo ndinkakhoza. Nditabwelela kwathu, kufupi ndi Minga, kudikila ntchito ya uphunzitsi, funso lomwelo ndinalipeza pakhonde, litavala chipewa cha amalume Pedro.

Amalume anachokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ali mnyamata. Amai ao anamwalila panjila, ndipo anawaika mofulumila pansi pa mtengo wa mango, tsidya lina la kamtsinje ka pamalile. Chaka chilichonse amalume ankati apita kukalambula mandawo. Chaka chilichonse akazi ao, amai Felista, ankapeza chifukwa: nshawa sizinakumbidwe, kwa aneba kuli malilo, bondo lija latupanso. Chaka china anachita kubisa nsapato.

Wolakwa sanandivute kupeza.

"Amai, aloleni apite," ndinatelo tsiku lina tikusenda nshawa.

"Ndawamanga chingwe?" Sanadzutse mutu. "Atenge, Tiwonge. Si ndiwe wophunzila?"

Ndinapangana ndi Fabian, amene amanyamula anthu pa njinga yamoto. Tinanyamuka m'mawa wina wa Okutobala, atatu pa njinga imodzi, khasu litamangidwa kumbuyo. Amalume anavala jekete la kutchalitchi, kutentha konse kuja.

"Bambo, gwilani ine," Fabian anakuwa titadutsa Kaumbwe. "Khasulo lili ndi chingwe, inu mulibe!"

Amalume anaseka, koma dzanja silinachoke pa mpini.

Kamtsinjeko tinakapeza kali mchenga wokhawokha. Mai wina ankawoloka ndi mbuzi ziwili, osatiyang'ana n'komwe. Amalume anatsika, anamasula khasu, anayenda mpaka pakati pa mchenga, n'kuima. Tsidya linalo kunali minda yolambulidwa, zitsa, ndi utsi wa owotcha malasha.

"Tiyeni, amalume. Tafika kale."

"Unali waukulu mtengowo," anatelo. "Nthambi imodzi inapendekela kum'mawa. Ndikakhala pakhonde ndimauona bwinobwino."

"Tikafunsa anthu, akatisonyeza."

"Nanga akakati anaudula? Akakati pamenepo pali munda wa fodya?" Anatembenuka, nkhope ili thukuta lokhalokha. "Ndiye kuti amai ndawataya kawili."

Ndinafunafuna m'mutu mwanga, mmene munali mabuku ochuluka chotelo. Sindinapezemo choti n'kuuza munthu woima pa mchenga. Fabian anazimitsa injini, n'kuyamba kupukuta galasi limene linali loyela kale.

Tinakhala choncho mpaka mai wa mbuzi uja anazimilila m'minda. Kenako amalume anabwelela, akuponda m'mapazi ao omwe.

"Ukawauze amai Felista kuti mtsinje unadzaza," anandiuza akumanganso khasu.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amai Felista anali pakhomo, manja ali m'chiuno. Anayang'ana khasu, loyela ngati mmene linachokela, kenako anayang'ana ine.

"Mtsinje unadzaza," ndinatelo.

Anakweza maso kumwamba, kumene kunalibe ngakhale kamtambo.

"Mu Okutobala."

"Inde, amai."

"Imatelo mitsinje ya kumeneko." Analandila khasulo n'kuliika kuseli kwa chitseko. Anawavula amuna ao jekete, akulikutumula fumbi mwamphamvu kuposa mmene linkafunikila. "Ndipo ndineneletu, chaka chamawa kuli ukwati wa mwana wathu Tasila. Wolandila alendo ndi inu. Simupita kulikonse."

Amalume anakhala pa mpando wao wa pakhonde, anayang'ana kum'mwela, mapewa n'kutsika pang'onopang'ono.

"Wamva, Tiwonge?" anatelo mokweza, kuti a m'nyumba amve. "Mkazi uyu sandifunila zabwino."

"Ndamva, amalume," ndinatelo, ndipo ndinapita kukawatungila madzi osamba.