Tsiku Limene a Wotchi Anapalasa Bwato

A Wotchi anali ataima kale pakhomo, nsapato zili waliwali, chipewa chili kumutu, pamene mwana wawo wamng'ono, Kachiswe, ankafufuzabe sokosi yake kunsi kwa bedi.

"Basi sidikira munthu wa sokosi imodzi!" anafuula.

"Bambo a Namzeze, lero simuli pantchito," anatero akazi awo ali kukhitchini, akulongedza buledi ndi mazira owiritsa m'chikwama. "Tawasiyani ana avale."

Dzina lakuti Wotchi anawapatsa ndi madalaivala anzawo kukampani ya mabasi, chifukwa chiyambireni ntchito basi yawo inali isanachedwepo pasiteji. Eni akewo ankalikonda dzinalo, ngakhale ankanamizira kudana nalo. Koma ntchito yomwe inawapatsa dzina inawalandanso ana. Ankachoka m'nyumba ana ali mtulo, n'kubwera ali wefuwefu, mawu onse atathera pa anthu okwera basi.

Tsopano sukulu zinali zitatsekera. Kuzizira kunali kutatha, mitengo ya m'misewu itachita maluwa, ndipo tchuthi chikangotha, Namzeze, mwana wawo woyamba, ankapita kusukulu yogonera komweko, kutali ndithu. Masiku amenewa mtsikanayo ankayankha bambo ake ndi mawu awiri okha, "eya" ndi "ayi". Zinkawapweteka a Wotchi, ngakhale sanauzepo munthu. Ankaopa kuti mwanayo achoka ali mlendo kwa iwo. Choncho anachonderera abwana awo mpaka anapatsidwa tsiku limodzi, n'kulumbira mumtima kuti tsiku limenelo Namzeze aona mzinda wonse, osatsala kangodya.

Mavuto anayambira m'basi momwemo. Munthu wozolowera chiwongolero kumukhazika pampando wa okwera n'kumuzunza. Basi ikayandikira maloboti, phazi la a Wotchi linkaponda buleki yomwe panalibe. Ikakhota, iwo ankakhotetsa chikwama cha mazira chomwe chinali pamiyendo pawo.

"Giya, mphwanga, giya!" anang'ung'udza.

Dalaivala wake, mnzawo wa kuntchito yemwe onse ankangomutcha Ndevu, anawayang'ana pagalasi n'kuseka. "Achikulire, pumani. Lero mwakwera ngati bwana."

Kachiswe anaseka mpaka kutsokomola. Namzeze ankangoyang'ana pawindo.

Anatsikira kunyumba yosungiramo zinthu zakale. M'chipinda chachikulu munali mafupa a chinyama cha makedzana, khosi lake lofika kudenga. Kachiswe, yemwe anapatsidwa dzinali chifukwa chilichonse chomwe wagwira sichikhalitsa, anaima kukamwa kuli yasa, manja atabisa kumbuyo monga anamulangizira mayi ake.

"Adadi, chinkadya chiyani?"

"Masamba. Mwachiona eti? Tiyeni."

"Koma sitinaone mchira!"

"Mchira ndi mchira, mwanangu. Basi yotsatira ili pafupi."

Zinayenda choncho m'mawa wonse. Pamsika wa maluwa mayi a ana anangoti awerame anunkhize, a Wotchi anali atafika kale pangodya, dzanja lili m'mwamba. Pabwalo lina panali bambo woliza lipenga, anthu atamuzungulira, ndipo phazi la Namzeze linayamba kugunda pansi motsatira nyimbo, koma bambo ake sanaone chifukwa ankayang'ana mbali yomwe basi imachokera. Nthawi zonse iwo ankayenda patsogolo, n'kumacheuka kamodzikamodzi kuona ngati onse alipo. Ngakhale mazira aja anadyera choimirira pasiteji, mchere uli m'manja.

Mumtima a Wotchi ankadzitama. Ndani wina akanaonetsa banja lake malo ambiri chonchi dzuwa lisanapendeke? Panatsala chinthu chimodzi, chachikulu kuposa zonse: nsanja yaitali ya pakati pa mzinda, pomwe munthu amaona misewu yonse ili pansi. Ankafuna kukaima pamwambapo ndi Namzeze, n'kumulozera njira zonse zomwe bambo ake amayendamo.

Njira yachidule yopita kusiteji ya basi ya kunsanjako inkadutsa m'paki. Apa m'pamene anaphonya. Pakati pa pakiyo panali dziwe, abakha akuyandama, ndi timabwato tobwereketsa topakidwa utoto wachikasu. Namzeze anaima.

"Adadi, tikwere bwato."

Aka kanali koyamba tsiku lonse kuti apemphe kanthu. Koma diso la a Wotchi linali litathamangira kale pawotchi ya padzanja.

"Nthawi, mwanangu. Basi ya kunsanja ikatiphonya ndiye kuti..."

"Chabwino," anatero Namzeze. Anakhala pabenchi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Pitani. Mutipeza pompano."

"Iwe, ndatengera tsiku lonseli chifukwa cha iwe!"

"Ndikudziwa, adadi." Sanakweze mawu. "Koma chichokereni kunyumba ndikungoona nkhongo yanu. Ndikakwera basi yanu ndimaonanso nkhongo yomweyo. Ndimati mwina lero ndiona nkhope."

A Wotchi anayang'ana akazi awo kuti awathandize. Mayiwo anali otanganidwa kwambiri ndi kupukuta Kachiswe pakamwa, pamene panalibe n'kalikonse komwe. Manyazi anawagwira bambowo, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni. Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Bwatolo amabwereketsa kuti?" anafunsa.

Mayi wobwereketsa mabwato anawaveka onse majekete oyandamitsa, n'kuwagwirira bwato kuti akwere. A Wotchi, mwachizolowezi, analunjika kutsogolo n'kukhala moyang'ana komwe akupita.

"Ayi bambo, wopalasa amakhala pakati, n'kuyang'ana kumbuyo," anatero mayiyo.

"Kumbuyo? Nanga njira ndiziiona bwanji?"

"Simuiona. Akuuzani anzanuwo."

"Mayi, ine ndine dalaivala. Chimenecho n'chiyambi cha ngozi."

"Kuno si kumsewu. Tembenukani."

Anatembenuka. Kutsogolo kwawo kunalibe msewu, kunalibe maloboti. Kunali Namzeze, mawondo ake atatsala pang'ono kugunda awo, ndi mayi ake pambali atafungatira Kachiswe. Anagwira nkhafi ngati chiwongolero n'kukoka ndi mphamvu zonse. Nkhafi ina inalowa m'madzi, ina inangopalasa mphepo, ndipo bwato linazungulira pamalo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake.

"Adadi, tikubwerera!" anakuwa Kachiswe.

"Ndikuyesa mabuleki," anatero a Wotchi.

Anakokanso. Madzi anathovukira pankhope pa akazi awo.

"Bambo a Namzeze! Tsitsi langa ndakonzetsa dzulo!"

Apa Namzeze anaphulika nako kuseka. Sikunali kuseka kwaulemu kobisa pakamwa ayi, kunali kuja kogwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe. A Wotchi anaiwala kupalasa. Anaona kuti mwanayo akaseka tsaya lake lakumanzere limalowa kadzenje, ngati la agogo ake, mayi a Wotchi, omwe anamwalira kalekale. Kadzenjeko kanayamba liti? Anali kuti iwo?

Namzeze anayamba kuwalangiza. "Kokani mbali iyi, adadi. Ayi, iyi! Pang'onopang'ono. Zonse pamodzi tsopano."

"Kutsogolo kuli bwino?"

"Kuli bwino. Kokani."

Khosi linkawayabwa kufuna kucheuka, koma anapirira. Anakoka monga anauzidwira, ndipo bwato linayamba kuyenda mowongoka. Kenaka linalowa fwaa m'mabango, abakha n'kubalalika akudandaula.

"Iwe, si unati kuli bwino?"

"Ndimafuna Kachiswe aone tiana ta abakha," anatero Namzeze, akupukuta misozi.

"Kondakitala wotere ndikanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo."

Anakhala m'mabangomo osafulumira kutuluka. Kachiswe ananyenya buledi wotsala n'kumaponyera tiana ta abakha, theka lina akudya yekha. Mayi ake anavula nsapato n'kuviika dzanja m'madzi. Ndipo popanda womufunsa, Namzeze anayamba kuyankhula. Anati akuopa kusukulu yatsopanoyo. Anati wamva kuti kumeneko amadzutsa anthu ndi belu kusanache, ndipo iye ndi watulo, adzakhala wochedwa tsiku lililonse mpaka onse adzamudziwa.

"Ana a Wotchi sachedwa," anatero bambo ake. Kenaka anaona kuti mwanayo sakuseka, ndipo anatsitsa mawu. "Inenso sabata yoyamba pantchito ndinkaopa, mwanangu. Ndinkagona nditavala yunifolomu."

"Zoona?"

"Funsa mayi ako. Ndi tayi yemwe."

"Ndi nsapato zomwe," anawonjezera mayiwo.

Kuseri kwa mpanda wa paki kunamveka kulira kwa injini komwe a Wotchi akanakuzindikira ngakhale ali mtulo. Basi ya kunsanja inaima pasiteji, zitseko zinatseguka, anthu anatsika, ena anakwera. Namzeze ndiye ankaiona bwino, chifukwa inali kumsana kwa bambo ake.

"Adadi, basi ija yafika. Tikathamanga mwina tiipeza."

A Wotchi anamva zitseko zikutsekeka. Mapewa awo anagwedezeka pang'ono, koma sanacheuke. Anakankha mabango ndi nkhafi mpaka bwato linabwerera pamadzi oyera.

"Isiye ipite," anatero. "Ndiuze, kondakitala, tilowere kuti?"

Namzeze anasuzumira kuseri kwa phewa lawo, n'kuyang'ana dziwe lonse mosafulumira.

"Kutsidya uko, komwe kuli mitengo ya maluwa. Koma n'kutali, adadi."

"Ndiye uzindiuza bwino njira," anatero a Wotchi, n'kuviika nkhafi zonse ziwiri m'madzi.