Beseni la Maneti ndi Dziwe la Lajabu

Kumunsi kwa Mtsiliza, pamene mtsinje wa Lingadzi umakhota, panali dziwe limene Lajabu ankatcheramo mono wake. Ntchito yake inali yokhoma zidebe, koma ndiwo za pakhomo pake zinkachokera m'dziwemo: matemba, ndi timakumba tsiku la mwayi.

M'mawa wina mu Okutobala 2004, anapeza nsomba zikuyandama chagada, mimba zili mbuu. Nkhanu zinali zitafera pamchenga. Ngakhale achule, amene amasokosa ngati pali wawalemba ganyu, anali zii. Mtima unamuwawa kwambiri.

Lajabu sankachedwa kupeza wolakwa. Anapita molunjika kwa Saulos, mnzake wowedza, n'kumukalipira pamaso pa ana kuti wathira katupe, muzu woledzeretsa nsomba uja. Saulos anakana, koma Lajabu anali ataweruza kale.

Atafika kunyumba anapeza mkazi wake Zulaikha akucheza ndi Mayi Dyna, mlangizi wa zaumoyo. Dzulo lake amayi a m'deralo anali atanyika maneti awo m'mankhwala ophera udzudzu, monga ankachitira mvula ikayandikira, ndipo mlangiziyo anabwera kudzaona ngati anawayanika pamthunzi.

Mayi Dyna anamvetsera dandaulo la Lajabu mpaka kumapeto, kenaka anatembenukira kwa Zulaikha. "Amayi, madzi otsala m'mabeseni aja munakataya kuti?"

"Kumtsinje," anayankha Zulaikha. "A Aleke oyandikana nafewa anati tikataya pakhomo nkhuku zimwa, ana aseweramo. Akuti mtsinje umapita nazo zonse. Ndiye tonse tinakakhuthula komweko, mabeseni n'kutsukira pomwepo."

"Kuganizira ana munachita bwino," anatero Mayi Dyna mofatsa. "Koma mankhwala amene amapha udzudzu ukangotera paneti ndi oopsa kwambiri kwa nsomba, nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya. Komanso mwezi uno madzi sakuyenda, ndiye zonse zinangokhazikika m'dziwemo. Madzi otsala timathira m'chimbudzi chokumba. Ndipo nsomba zafazo, chonde, asadye munthu."

Lajabu anayang'ana neti yake yomwe, ikugwedezeka bwinobwino pansi pa mtengo wa mango. Chimene ankachiyesa katupe chija chinali chitachokera m'nyumba mwake. Masana omwewo anabwerera kwa Saulos.

"Achimwene, ndinakulakwirani," anatero.

"Mwanenatu pang'onopang'ono," anayankha Saulos. "M'mawa muja mawu munali nawo ambiri. Dikirani ndiitane ana amve."

Dzinja lonselo mono unangokhala pakhonde, banja likudya masamba. Tinsomba tinayamba kuonekanso mvula itatsuka dziwe, koma tinali tochepa.

Chaka chotsatira, tsiku lonyika maneti, anthu anaona Lajabu akuzungulira makomo, kutenga beseni lililonse n'kukakhuthula yekha m'chimbudzi. Amayi anamuseka mpaka kugwira nthiti.

"Bambo a zidebe, mwayamba liti ntchito ya mabeseni?" anafunsa Aleke.

"Sekani, amayi," anatero Lajabu, beseni lili m'manja. "Ndiwo za ana anga zili kumunsiko."

Phunziro: Mankhwala otiteteza m'nyumba akhoza kupha zamoyo za mumtsinje. Madzi otsala ponyika maneti, ndi mankhwala ena alionse, tisawataye m'madzi kapena m'ngalande zopita kumtsinje.