Phiri Silisesedwa Ngati Bwalo

Kasupe wa m'munsi mwa phiri la kwawo kwa Esitere adayamba kuphwa chaka chachiwiri cha ulamuliro wa zipani zambiri. Madzi amene kale ankadzaza ndowa anthu asanamalize kulonjerana, tsopano ankachita kudontha. Pofika Okutobala ankatheratu, ndipo amayi ankatsikira kudambo kukatunga pamalo pomwe ng'ombe zinkamwera. Madzi akudambowo ndiwo adatenga mwana wa Esitere, Monika, ndi matenda otsegula m'mimba. Chichitikireni maliro aja, Esitere sankadutsa pakasupepo osamva chisoni.

Gwero la vutoli aliyense ankalidziwa, kungoti palibe ankafuna kulitchula. Mantha a nthawi ya chipani chimodzi atatha, anthu adalowa m'phiri ndi nkhwangwa, ati ndiyo demokalase. Mitengo idapita ku zigafa za fodya, ina idasanduka makala. M'phirimo mudatsala zitsa ndi tchire basi.

Kenaka kudamveka za thumba la chithandizo la banja la malemu a Rajabu, amene adali ndi masitolo pa Mponela. Asanamwalire, iwo adasiya mawu oti gawo la chuma chawo lizithandiza midzi yosamala nkhalango ndi nyama zakutchire, ndipo ana awo ndiwo ankasankha kothandiza. Esitere ndi amayi anzake adalemba kalata yopempha. Yankho lidabwera loti mayi Aziza, mwana wa malemuwo, adzafika Lachisanu kudzadzionera okha phirilo.

Amuna ake a Esitere, a Enoki, adali katswiri polandira alendo. Nthawi ya chipani chimodzi, ndiwo ankatsogolera anthu kulambula misewu ndi kupaka laimu miyala kukamabwera akuluakulu.

"Mlendo sitimuonetsa tchire," adatero a Enoki. "Tilambule phiri lonse, titenthe zinyalala, tikumbe mayenje m'mizere. Akafika aone kuti tikungodikira mvula kuti tibzale bulugamu."

Esitere sadatsutse, pakuti nayenso adakulira momwemo. Lachitatu m'mawa amuna adakwera ndi zikwanje, amayi ndi makasu ndi masache, ndipo pofika masana mbali ina ya phiri idali utsi wokhawokha.

A Vinsenti, mlangizi wa za nkhalango, adauona utsiwo akuchokera ku Malomo. Njinga adaisiya panjira n'kukwera wefuwefu.

"Pepani anthuni, taimani kaye! Mukutentha chiyani?"

"Tikukonzekera alendo, alangizi," adayankha a Enoki. "Nanga apeze pauve?"

A Vinsenti adagwada pa chitsa china n'kutola timitengo tanthete timene chikwanje chidangodula kumene.

"Mayi, ichi ndi chitsa chanji?"

"Cha msuku," adatero Esitere.

"Chitsa ichi sichidafe. Mizu yake ili pansi kutali, ndipo mwadulazi ndi mphukira zake. Mukachileka, zaka zochepa chikhala mtengo popanda kuthirira. Udzu ndi masamba mukusesawa ndi amene amagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, akatulukire ku kasupe wanu uja. Bulugamu ndi wabwino malo ena, koma pafupi ndi kasupe amamwa madzi kwambiri. Nanga agwape ndi nkhanga, zimene thumbali likufuna kuteteza, zizigona kuti mukasesa chonchi?"

Esitere adayang'ana tsache lake, adayang'ananso phulusa. Mtima udamupweteka koopsa. M'mawa wonse adakhala akuotcha ndi manja ake madzi omwe mwana wake adawasowa.

"Safunsa adadya phula," adatero a Enoki motsitsa mawu. "Koma zapsa kale izi. Lachisanu tidzangowadutsitsa njira ya kuseri, asaone."

"Ayi, abambo," adatero Esitere. "Kubisa kumeneku n'kumene kwatifikitsa pano. Adzaone."

"Mayiwa anena zoona," adavomereza a Vinsenti. "Opereka thandizo safuna chionetsero. Auzeni vuto lenileni ndi zimene inu eni mwagwirizana kuchita."

Lachisanu litakwana, Esitere adayamba kuwatengera mayi Aziza pamalo opsa paja. Adafotokoza zonse, za nkhwangwa, za Monika, ndi za tsache lake lomwe. Sadasiyeko kanthu. Kenaka adapita nawo mbali yotsala, komwe zitsa zinkaphukira m'kati mwa udzu.

Mayi Aziza adayang'ana mphukirazo. "Bambo anga ankagula uchi kwa anthu a m'mapiri muno," adatero. "Utasiya kubwera, adadziwa kuti mitengo yatha. Ife sitifunsa za chipani, ndipo sitiyang'ana kusesa. Ndiuzeni, adzateteze phirili ndani?"

"Ife tomwe, mayi," adayankha a Enoki. "Chikwanje changachi chizingolambula njira yotchinga moto m'mphepete. M'katimo sichidzalowanso."

Thandizo lidavomerezedwa. Mudzi udasankha komiti ya amayi ndi abambo, n'kugwirizana kuti nkhwangwa, moto ndi misampha zisalowenso m'phiri. Thumba lija lidapereka ming'oma ya njuchi, zipangizo, mbande za mitengo ya katope zobzala pafupi ndi kasupe, komanso maphunziro. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, komiti inkalembera banjalo zonse zimene zachitika, zokoma ndi zowawa zomwe. Sizidali zophweka. Chaka choyamba kasupe adaphwabe, ndipo ena adaseka kuti njuchi sizitunga madzi.

Koma patadutsa mvula zinayi, Okutobala ali pakati, Esitere adatsikira pakasupe m'mawa. M'matope mudali mapazi a gwape amene adamutsogolera kumwa. Adatchera ndowa, ndipo madzi adalowa osadukiza mpaka kusefukira. Adakumbukira Monika, misozi n'kutsika, koma sadapukute. Adasenza ndowa yake n'kubwerera kumudzi, komwe ana a anzake ankasewera ali bwinobwino.

Abale, phiri silisesedwa ngati bwalo. Tisiye zitsa ziphukire, titeteze tchire ku moto, ndipo tisanagwire ntchito yosamalira chilengedwe tiyambe tafunsa alangizi. Popempha thandizo tinene zoona, osati kukongoletsa pamaso pa alendo. Tikasunga nkhalango, tasunga madzi amene ana athu adzamwe.