Pepala la Mizere Itatu

Ndinalipirira amuna anga maulendo asanu ndi umodzi pakamodzi, chifukwa a kuchipatala cha za maganizo anati ukatero amachotserako pang'ono. Ola limodzi pachipatala chimenecho ndi ndalama ya madiresi anayi, osoka ine ndi msana wanga womwewu. Ola lakenso si ola ayi, ndi mphindi makumi asanu. Ndinalipira osaphethira n'komwe, chifukwa amuna anga ankatha ine ndikuona.

Iwo anayendetsa basi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osagunda ngakhale nkhuku. Kenako tsiku lina munthu wa panjinga analowa mumsewu mwadzidzidzi, ndipo anafera pomwepo. Apolisi anati amuna anga alibe mlandu, akampani anati adzabwerere akapeza bwino, koma iwo chiyambire tsikulo sanagwirenso chiwongolero. Ngakhale kukwera basi anasiya. Ankangokhala pakhonde manja ali pamawondo, chakudya kuchita kuwanyengerera.

Lachinayi lililonse ankasamba, kuvala malaya oyera, n'kuuyamba wapansi kupita kwa mlangizi wa za maganizo. Akabwera ndinkafunsa kuti ayenda bwanji, iwo n'kungoti, "Zikuyenda." Masabata asanu a "zikuyenda", munthu akunka nawonda. Zinandikwana. Lachinayi lomaliza pa omwe ndinalipira, ndinavindikira makina anga n'kupita komweko osawauza. Ndinkafuna mlangiziyo andiuze maso ndi maso chomwe ndalama zanga zikugula.

Chipatalacho chili pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo ndinakwera pa chikepe. M'chipinda chodikirira munali mipando yofewa, wotchi yaikulu ndi chikwangwani cha mitengo: wa munthu mmodzi, wa banja, wa mwana, wa kulankhulana pafoni. Ngakhale kalata yopita nayo kuntchito inali ndi mtengo wake. Padesiki panali mtsikana wa mawu ozizira, amene anandilandira ngati wachibale.

"Ine ndine mkazi wa adalaivala aja amabwera Lachinayi thu koloko," ndinatero. "Wolipira ndine. Ndikufuna ndidziwe kuti mukuwatani muno."

"Pepani mayi, za munthu amene timamuthandiza sitiuza wina aliyense."

"Ine si wina aliyense. Ndine mkazi wawo."

"Ngakhale mkazi wawo, mayi."

"Koma ndalama za mkazi wawoyo mumazidziwa."

Anangomwetulira, ndipo kumwetulirako kunandipsetsa mtima kuposa kutukwana. Ndinakhala pampando, chikwama pamiyendo, ndikuganiza kuti poti iwo ayenda wapansi, ndawapitirira panjira.

Thu koloko itakwana, chitseko cham'kati chinatseguka. Anatuluka mayi wachikulire, mandala akulendewera pachifuwa. Ameneyo ndiye anali mlangizi. Anayang'ana mipando, kenako anayang'ana mtsikana uja, ndipo mtsikanayo anapukusa mutu pang'ono chabe. Mlangizi anabwerera m'kati n'kusiya chitseko chili pululu. Chimene chinandibaya n'chakuti sanadabwe. Munthu sazolowera chinthu chomwe chachitika kamodzi.

Ndinadikira mphindi khumi, kenako ndinabwerera padesiki.

"Sindikufunsa za munthu aliyense. Ndikufunsa za malamulo anu. Munthu akapanda kubwera, ndalama yake imatani?"

Analoza timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa chikwangwani chija. "Akapanda kutiuza dzulo lake, olalo timaliwerengera ngati wabwera. Mlangizi amakhala atamusungira malo."

Madiresi onse aja ndinkasokera mpando wopanda munthu. Nanga malaya oyerawo ankavalira ndani? Ndinaganiza za mowa, ndinaganiza za mkazi wina, ndinaganizanso za mlatho umene amadutsa pobwera kuno, ndipo pamenepo mkwiyo unasanduka mantha. Ndinatuluka n'kuwaimbira foni.

Foniyo inalira chapafupi, kuseri kwa chitseko cha kumasitepe.

Ndinawapeza atakhala pasitepe, nsanjika imodzi yokha kutsika kuchokera pachipatala. Pabondo pawo panali pepala lopindapinda, m'manja cholembera. Atandiona sanadzuke, anangotsitsa maso.

"Bambo, ndiye kwa mlangizi kwake n'kuno?"

Anangotembenuza cholembera chija m'manja, ine n'kupitiriza.

"Masabata asanu ndi limodzi, inu mukukambirana ndi masitepe? Ine maso atha ndi singano, inu mukundiuza kuti zikuyenda. Chikuyenda n'chiyani? Ndalama zanga?"

"Mapepala sanakwane, mayi," anatero motsitsa.

"Mapepala anji?"

Anandipatsira. Linali la chipatala chomwecho. Dzina analemba bwinobwino, zaka, nambala ya foni, dzina langa ngati wachibale wapafupi, zonse mwaukhondo monga ankalembera buku la kuntchito. Pansi pake panali funso lakuti, "Fotokozani mwachidule chimene chakubweretsani," ndi mizere itatu. Mizereyo inali yoyera, koma pepalalo linabooka poyambira mzere woyamba, pomwe cholembera chinkaima sabata ndi sabata.

"Tsiku loyamba ndinalowa. Mwana uja anati, lembani ili mubweretse. Ndinatuluka nalo kuti ndilembere kuno kopanda anthu." Anayang'ana pepalalo. "Ndilembe kuti chiyani? Kuti ndinapha munthu? Mwachidule?"

"Bwanji osangolowa nalo choncho?"

Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala. "Munthu sulowa pamsewu mapepala asanakwane."

Zaka zonse zija sanatulutsepo basi pageti pepala limodzi likusowa, ndipo anzawo ankawaseka nazo. Ndinafuna kuwakalipiranso, koma ndinaleka. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadzida ndekha, chifukwa masabata onsewo ndinkafunsa za ulendo osafunsa za munthu. Ndinayang'ana foni. Pa ola lathu lomaliza panatsala mphindi makumi awiri, ndipo ndalama ya ola lina ndinalibe.

"Dzukani."

"Sindinamalize."

"Dzukani, bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma inu ndikutsekulirani ndine."

Sanasunthe. Ndinawalanda pepalalo n'kukwera masitepe awiriawiri, ine amene ndimadandaula mawondo tsiku ndi tsiku. Ndinaliponya padesiki.

"Popanda kulemba apa, munthu salowa?"

Mtsikana uja anayang'ana dzina, kenako mizere yoyera ija. "Amalowa, mayi. Apo ambiri amasiya. Timangofuna dzina ndi foni basi."

"Munawauza zimenezo?"

Kumwetulira kuja kunachoka. "Ndinkawaimbira sabata iliyonse, sankayankha. Sindinadziwe kuti..."

"Ali pamasitepe apa. Kawauzeni nokha. Ine sandikhulupirira, ine si wa muofesi."

Anathamanga nsapato zikugogoda. Ine ndinatsala ndikulimbana ndi wotchi. Inadya mphindi zitatu, kenako zisanu. Analowa bambo wina wa tayi n'kukhala pansi, ndipo ndinadziwa kuti ola lotsatira ndi lake. Amuna anga atatulukira pakhomo, panatsala mphindi khumi ndi imodzi. Anaima pakati pa chipinda ngati aiwala kayendedwe. Mlangizi anatuluka, sanafunse kanthu, anangoti, "Lowani, bambo. Mpando wanu ndi uwu."

Chitseko chinatsekedwa.

Ndinakhala pampando woyandikira, ngakhale ndinkadziwa kuti za m'katimo si zanga. Kwa nthawi yaitali simunamveke kalikonse, ndipo ndinayamba kuopa kuti mphindi zotsalazo zithanso ali chete. Kenako ndinamva mawu awo, osati zimene ankanena, koma kamvekedwe kake kokha. Ankayamba, kuduka, kuyambanso. Kwathu kwa miyezi inayi sanalankhulepo mawu ochuluka chotero.

Nthawi inakwana. Bambo wa tayi anayang'ana wotchi ya pamkono n'kutsokomola. Mtsikana uja anadzuka pang'onopang'ono, nkhope ili yamanyazi.

"Pepani mayi, nthawi ikatha ndimayenera kugogoda."

Ndinadzuka n'kuima pachitsekopo, msana wanga utatsamira thabwa. Kuseri kwake amuna anga anali atayamba kulira.

"Mugogoda pamutu panga pano," ndinatero. Kenako ndinatembenukira kwa bambo wa tayi uja. "Achimwene, pepani, sindikukudziwani, koma ndibwerekeni mphindi khumi zokha. Munthu ali m'katimu wangofika kumene."

Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula wotchi yake n'kuiika m'thumba.