Kumanja kwa Amako

Buku lija Spiwe analipeza pa mulu wa mabuku akale amene mayi wina ankayala pansi pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a ku Chiwaridzo. Linalibe chikuto, ndipo masamba anayi oyamba chiswe chinali chitalawako. Linali la anthu oyamba kumene kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Munali mu 2007, chaka chimene magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, n'kuchoka osatsanzika.

Kompyuta inalipo imodzi, ya ku tchalitchi, m'kachipinda kakuseri kwa guwa. Abusa ankamulola kuigwiritsa ntchito Loweruka chifukwa ndi iye amene ankawalembera zolengeza. Kaphunziridwe kake kanali kokopera basi. Ankatsegula tsamba, n'kuika mwala pamwamba kuti lisatsekeke, n'kumalemba chilembo ndi chilembo monga zinalili m'bukumo. Zikayenda, ankapita tsamba lotsatira. Zikakana, ankafunafuna pamene waiwala kadontho. Kunena kuti ankamvetsa zonse kungakhale kumunamizira mwana wa eni.

Bambo ake, a Pensulo, anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzafika m'dziko lino, ndipo anayendetsa thirakitala zaka makumi atatu pa pulazi ina, munda waukulu wa fodya, ku Matepatepa. Anthu a pa komboni ya antchito atabalalitsidwa mu 2001, pulaziyo italandidwa, iwo anadzathera m'chipinda chimodzi ku Chiwaridzo, kutsokomola ndi kuyang'ana khoma. Pa pulazipo analinso mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda. Aliyense amene anagona m'manda a pa komboni ija, a Pensulo analipo pomukumbira, kuphatikizapo mkazi wawo Jestina, mayi ake a Spiwe, amene anamwalira mwanayo ali ndi zaka zinayi.

A Pensulo anabwererako kamodzi kukaona mandawo. Mitanda yamitengo inali itapsa ndi moto wolusa, tizikwangwani tamalata tinapita ndi otola zitsulo. Kunatsala mitumbira yokhayokha yopanda dzina.

"Mayina onse ali muno," anatero tsiku lina, akudzigogoda pamutu. "Koma mutu uno ukupita kudothi. Makina akowo amasunga zinthu?"

"Amasunga, Baba."

"Osaiwala?"

"Saiwala."

Pa tsamba 87 panali kapulogalamu kofunsa dzina n'kulisunga, kufunsanso lina n'kulisunga pansi pa loyambalo. Wolemba bukuyo anakapangira mayina a ana a sukulu. Spiwe anakakopera, ndipo Loweruka litatu lotsatizana anawagwira mkono bambo ake mpaka ku tchalitchi. A Pensulo ankakhala pa mpando wa abusa, chipewa pabondo, maso ali tsinzi, n'kumayenda m'mandamo ndi pakamwa.

"Uyambire pa chulu. Uziyenda cholowera kotulukira dzuwa. Mzere ukatha, ubwerere ku chulu, uyambe wina. Woyamba ndi Tebulo. Wachiwiri mwana wa Tebulo, uja anapsa ndi phala. Kenako Anusa."

Spiwe ankangolemba, maso pa zala, kuopa kuphonya chilembo. Sankawerenga kuti afika pa nambala yanji. Loweruka lachiwiri, chapakati penipeni, bambo ake anati, "Jestina." Kenako anati, "Ine mudzandiike kumanja kwa amako. Wamva? Sindinapemphepo kanthu kwa inu ana. Ichi chokha."

"Ndamva, Baba."

Mayina anakwana 58. Pepala sanalembepo, chifukwa pepala n'lachiyani pamene pali makina osaiwala?

Mwezi wa Ogasiti a Pensulo anagonekedwa m'chipatala. Spiwe anaganiza zowatengera mayinawo atasindikizidwa bwinobwino, kuti mtima ukhale pansi. Atawayang'ana pa kompyuta anaona kuti ali balala, Tebulo pamwamba, Anusa pansi pake, ngati ntchito ya munthu wosapita kusukulu. Ndiye pa tsamba 112 panali kachidutswa ka mizere khumi ndi iwiri, ndipo wolemba bukuyo analonjeza kuti kamakonza mndandanda uliwonse kuti uoneke mwadongosolo. Safunsa anadya phula. Komanso akanafunsa ndani? Abusa ankaidziwa kompyutayo poyatsira pokha.

Anakopera mizere ija, n'kusintha dzina la fayilo lokha, n'kudina. Sizinatenge ndi kamphindi komwe. Mayina anafola kuyambira pa A mpaka pa Z, okongola zedi, ndipo mzere womaliza wa kachidutswako unawasunga pamwamba pa akale aja. Spiwe anasangalala. Anatenganso kadisiki kamene ankasungirapo, n'kuikamo atsopanowo m'malo mwa akale.

Ku chipatala anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuwawerengera, poti a Pensulo sankadziwa kuwerenga.

"Alufeyo. Anusa. Bizaliele."

Bambo ake anatsegula maso.

"Alufeyo wagona kumapeto, pafupi ndi waya. Wafika bwanji pa chulu?"

Spiwe anayang'ana pepala lija.

"Makina awasakaniza, Baba. Tiyambirenso. Ndili ndi cholembera."

"Tebulo," anatero a Pensulo. "Mwana wa Tebulo. Anusa." Anapuma nthawi yaitali. "Ndatopa, mwanawe. Ubwere Loweruka."

Anamwalira Lachinayi m'mawa.

Anthu ankayembekeza kuti Spiwe adzigwetsa pansi, poti ndi iye amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Sanalire. Ankatunga madzi, kulandira manja a anthu, kuyankha kuti zikomo, mtima uli zii ngati dzanzi la mwendo. Amayi a ku tchalitchi anayamba kunong'onezana kuti mwanayu ngolimba m'chikhulupiriro. Chikhulupiriro chanji, munthu anangouma.

Lachisanu magetsi atabwera anazemba pa maliro n'kupita kuseri kwa guwa. Anatsegula fayilo, natseka, natsegulanso. Alufeyo, Anusa, Bizaliele. Anafufuza m'bukumo tsamba ndi tsamba kufuna kachidutswa kobwezera zinthu mmene zinalili. Kanalibe. Chimene anapeza chinali pa tsamba 203, m'kabokosi kokongoletsedwa: musanasinthe fayilo iliyonse, yambani mwasunga ina pambali. Munthu wanzeru zake, kuika chenjezo kumapeto kwa buku, ngati kuuza munthu za ng'ona atawoloka kale. Spiwe anawerenga kabokosiko kawiri, n'kutseka bukulo, n'kubwerera kukatsuka mbale.

Mchimwene wake wamkulu, Mabvuto, anafika kuchokera ku Joni madzulo ake. Iye anachoka pa pulazi kalekale ndipo za mandawo ankangokumbukira kuti kunali chulu. Ndi amene anakapempha chilolezo chokaika maliro kwa mwini pulazi watsopano, yemwe anavomera monyinyirika: Loweruka lokha, ndipo dzuwa likamapendeka akhale atachoka.

"Baba anandiuza pa foni kuti zonse zili ndi iwe," anatero Mabvuto. "Anati unaziika mu kompyuta."

"Ee, achimwene."

"Wagwira ntchito, mlongo wanga. Ife enafe tikanangosochera."

Apa ndi pamene akananena. Koma Mabvuto anali atatembenukira kale kwa anthu a lole yodzanyamula bokosi.

Adzukulu ananyamuka m'mamawa ndi Spiwe ndi Mabvuto, bokosi lidzatsatira masana. Manda anali kuseri kwa mashedi a fodya, mu udzu wofika m'chiuno. Anyamata anatchetcha, mitumbira inayamba kuonekera, ina yotitimira, ina yongotsala kabuma. Chulu chinalipo. Spiwe anayang'ana uku ndi uku kuti mwina aona wina wa pa komboni yakale, nkhalamba iliyonse yoti ingakumbukire. Panalibe. Ena anapita ku Masembura, ena kukakumba golide m'mitsinje, ena anali pa pepala limene linali m'manja mwakemo.

"Tiuzeni, sisi," anatero mkulu wa adzukuluwo, atatsamira piki yake. "Dzuwa likukwera."

Spiwe anatambasula pepala. Mabvuto anasuzumira paphewa pake, n'kugwedeza mutu mokhutira poona mmene mayina anafolera. Dzina la mayi awo linali pa nambala 19, pamwamba pa Jimu. Za Jimu ameneyu Spiwe ankakumbukira chimodzi: bambo ake anamutchula Loweruka lomaliza, osati lachiwiri. Nambala 19 inali ya pa pepala chabe, osati ya m'manda.

Anapita pa chulu. Anayang'ana kotulukira dzuwa n'kuyamba kuyenda, akuwerenga mitumbira chamumtima. Woyamba Tebulo, wachiwiri mwana wa Tebulo, wachitatu Anusa. Kuyambira wachinayi anali manambala chabe. Mzere utatha anabwerera ku chulu monga anauzidwira, n'kuyamba wina. Miyendo inkayenda yokha. Pa 19 anaima. Unali mtumbira wamfupi, moti ukanatha kukhala wa mayi wamfupi kapena wa mwana wamkulu.

"Ndi apa?" anafunsa Mabvuto.

"Apa."

Mabvuto anavula chipewa, nagwada, n'kuika dzanja pa dothilo. "Mhamha," anatero, akuitana mayi ake, "tabwera nawo Baba." Ndipo bambo wamkulu ndi ndevu zake analira ngati mwana, adzukulu atayang'ana kumbali.

Spiwe anangoima. Anapinda pepala lija kanayi n'kulilowetsa m'thumba la siketi.

"Kumanja kapena kumanzere, sisi?" anafunsa mkulu wa adzukulu.

"Kumanja," anatero Spiwe. "Anati kumanja."

Piki inalowa m'nthaka.