Bodza la Bwalo Lalikulu

Telala atabwera kunyumba masana a Lachitatu, anapeza mayi ake atakhala pamasitepe, bondo likutuluka magazi, ndodo yawo itagwera pansi penipeni. M'nyumba, galu anali kuthamanga uku ndi uku, chidutswa cha katani chili kukamwa.

"Ndimati ndimutulutse akadzithandize," anatero mayiwo. "Koma ndi iyeyo wanditulutsa ine."

Telala anawatsuka bala. Chimwalirireni bambo ake, mayiwo ankakhala okha tsiku lonse m'nyumba yawo ya lendi ya zipinda ziwiri, pansanjika yachiwiri, iye ali kushopu. N'chifukwa chake anapita kumalo osungira agalu osowa eni ake kuti akawapezere mnzawo wocheza naye. Kumeneko anaona Mphepo, galu wamkulu koma wachichepere, wa ubweya wonga phulusa, ndipo mtima wake unakopeka pomwepo. Ankadziona akuyenda naye mumsewu m'mawa, anthu onse akucheuka.

"Mwana wanga, sindikufuna kuthyoka chiuno," mayi anapitiriza. "Galuyu akakhalapobe Loweruka, ine ndikupita kukakhala kwa achimwene ako."

Panali chinthu chimodzi chimene telala sanawauze mayi ake. Wosamalira agalu kumalo kuja, mnyamata wa mawu ofatsa, sankapereka galu asanamve mmene munthu amakhalira. Kenako ankapereka sabata imodzi yoyeserera. Atamufunsa za kunyumba, telala anayankha mosaphethira kuti ali ndi bwalo lalikulu la mpanda, maluwa mbali zonse. Pomwe kwawo kunali kakhonde kongokwana chingwe choyanikapo zovala.

M'mawa wa Lachinayi anabwerera kumalo kuja ndi Mphepo, dzanja litatupa chifukwa chokokana ndi chingwe. Anaima pageti kwa kanthawi, akukonza mawu.

"Achimwene, bwalo lija kulibe," anatero maso ali pansi.

Wosamalira agalu anamwetulira. "Ndinakayika ndithu, achemwali. Anthu a mabwalo amadandaula za kusesa. Inu munkangotamanda maluwa."

"Nanga munandipatsiranji?"

"Pamenepo ndinalakwa ine. Ndinayenera kubwera kudzaona ndisanakupatseni. Tiyeni tiyambirenso. Galuyu azikhala ndi ndani masana?"

"Ndi amayi. Amayendera ndodo."

"Inu mungayende naye nthawi yaitali bwanji patsiku?"

"Mphindi makumi awiri, ndikapanda kuchulukidwa zosoka."

"Eni nyumba amalola agalu?"

"Amalola, bola asamauwe."

"Ndiye mvetserani. Mphepo si galu woipa. Ndi galu wa ntchito, wofuna kuthamanga maola awiri tsiku lililonse. Mukamutsekera m'chipinda, mphamvu zakezo zimathera pa makatani ndi pa mawondo a anthu. Ndili ndi galu wina, koma sindikuonetsani lero. Mubwere ndi amayi mawa."

"Bwanji osandionetsa pano?"

"Chifukwa si inu wodzakhala naye. Ndipo ndodo yawo asaiwale."

Tsiku lonse telala ankasoka maganizo ali pa ndodoyo, mpaka anasokerera thumba mozondoka pa malaya a kasitomala.

Lachisanu mayi anavomera kupita, koma monyinyirika. "Akandilumphira, chikwama changa n'chomanga kale," anatero.

Wosamalira agalu anawatsogolera kudutsa makola a agalu aphokoso mpaka kukhola lomalizira. M'menemo munagona kagalu kofiirira, kofupika miyendo, ka imvi kukamwa. Telala anakhumudwa. Anakaitana, anakaimbira likhweru, koma iko sikanatukule n'komwe mutu.

"Uyu ndi Mdala," anatero mnyamatayo. "Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Katemera wa chiwewe analandira, ndi wofula, ndipo sadziipitsira m'nyumba. Mayi, tayendani pang'ono."

Mayi anayenda. Ndodo inagogoda pasimenti: go, go, go.

Makutu a Mdala anaima. Anadzuka, n'kutuluka m'khola mwakachetechete, n'kukaima kumanzere kwa mayiwo, mbali yopanda ndodo. Mayi akaponda, iye ankaponda. Mayi akaima, iye ankaima n'kuwayang'ana kumaso.

"Mwini wake anali bambo wachikulire woyendera ndodo," anatero mnyamatayo motsitsa mawu. "Atamwalira, abale anamubweretsa kuno. Miyezi isanu tsopano, anthu amangomudutsa poti si wokongola."

Mayi anawerama n'kumusisita pamutu. "Nafenso anatisiya, bambo," anauza galuyo. "Tiyeni kwathu."

Loweruka linafika, chikwama chinamasulidwa. Mdala ankatsika masitepe limodzi ndi mayi, akudikira pa sitepe iliyonse. Masana ankagona pamapazi awo, iwo akumufotokozera nkhani za pawailesi. Mphepo anatengedwa ndi mlimi wina wa munda waukulu, ndipo ulendo uno wosamalira agalu anakaona yekha mundawo asanamupereke.

Sabata yoyeserera itatha, mnyamatayo anabwera kudzaona Mdala. Anabweranso sabata yotsatira, ndi inzakenso.

"Galu ndi wanga," anatero mayi tsiku lina, mnyamatayo akumwa tiyi, "koma mafunso onse akupita kwa mwana wanga. Kapena nayenso mukufuna kudziwa mmene amakhalira?"

Telala anathawira kukhonde. Mnzake wa nyumba yoyandikana anali akuyanika zovala, ndipo anati nayenso akufuna galu, wamkulu ngati woyamba uja.

"Usathamangire kukongola," anatero telala. "Yamba wayang'ana nyumba yako, nthawi yako ndi mphamvu za munthu amene azikhala naye. Ukapita kukatenga galu, ukanene zoona zokhazokha, ndipo usadutse agalu okalamba. Galu wabwino ndi amene moyo wake ukugwirizana ndi wako."